Kalongonda Wanga Anapsa

Ndineneretu kuti Rosie Nahache sindimukonda. Sindinamukondepo, ndipo sindikuona kuti ndingayambe ukalamba uno. Takhala moyandikana zaka zambiri m'mudzi wa kuseri kwa msika wa Chonde. Mpanda wake umathera pamene pamayambira mulu wanga wa nkhuni, ndipo pa zaka zonsezi mawu aulemu amene anandiuzapo ndi akuti, "Chotsani mbuzi yanuyo." Tsiku limenelo anaiwala n'kunditchula kuti inu.

Ine ndimagulitsa nkhuni, iye amagulitsa kalongonda. Amene sanakulire kuno mwina sam'dziwa kalongonda. Ndi nyemba zikuluzikulu zoyanga m'mitengo ndi m'mapesi, mbale wake wa chitedze, chakudya chimene ife Alomwe timachinyadira kulikonse kumene tili. Koma ndi chakudya chaukali. Ukachiphika mothamanga, odyawo amasanza, mutu umawazungulira, ena amayamba kuona zinthu zoti palibe. Pamafunika kuwiritsa, kutaya madzi akuda bii aja, kusenda makoko, kuviika, kuwiritsanso, kutayanso madzi, mpaka madziwo ayere. Ndi ntchito yoyamba lero n'kutha mawa, ndipo moto wake suyenera kufooka. N'chifukwa chake wophika kalongonda ndi wogulitsa nkhuni amayenera kumamwerana madzi. Ifeyo ngakhale moni sitinkapatsana.

Rosie anabadwira pamalo pomwe akukhalapo. Mayi ake anachokera tsidya la malire, cha ku Milanje, ndipo anabwera ndi zinthu ziwiri: mphika ndi mkwiyo. Zonse ziwirizo anasiyira mwana wawo wamkazi. Anali mayi oti akapeza madzi a kalongonda asanayere, sankalankhula, ankangotenga mthiko. Rosie anaphunzira kuphika khutu likuwawa, ndipo mpaka lero akamanena za mayi akewo amatsitsa mawu ngati akumumvera kuseri kwa khomo.

Sukulu anailekera panjira. Anakalowa ntchito yothyola tiyi pa esiteti ina, dengu kumsana kuyambira m'mawa mame asanaume m'masamba. Ankathyola mwachangu kuposa anzake onse, zimenezo sindingamunamizire. Koma tsiku lina kapitawo atapeza masamba okhwima m'dengu mwake n'kumuuza kuti asankhe, Rosie anakhuthula dengu lonse pamapazi a kapitawoyo n'kunena kuti asankhe yekha, poti maso ali nawo. Ntchito inathera pomwepo. Sabata yotsatira tinamuona pamsika atakhazika beseni la kalongonda, ndipo sanachokeponso.

Chimene chimandidabwitsa n'choti anapeza mwamuna, mwamuna wake wabwinonso. A Lenard ankakonza njinga pafupi ndi siteji ya maminibasi. Anali munthu wofatsa, woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo. Anthu ankati Mulungu amadziwa kugawa, sangaike mikango iwiri m'nyumba imodzi. Patapita zaka, a Lenard anapita ku Joni kukagwira ntchito m'galaja, ndipo chilichonse chimene ankapeza chinkabwera kuno. Njerwa zinaotchedwa, maziko anakumbidwa, nyumba inakwera mpaka pamawindo. Zitseko zatsopano zinaimikidwa m'nyumba yakale kudikira denga. Ndinkachita nsanje, ndisaname.

Kalongonda wake anali wabwino. Zimandiwawa kunena, koma anali wabwino: wofewa ngati mbatata, wopanda kuwawa kulikonse kukhosi. Madalaivala ankaimitsa galimoto dala kuti agule. Iye ankadziwa zimenezo, ndipo ankaonetsetsa kuti aliyense adziwe. Akafika pamsika ankavundukula beseni, kutapa sipuni yoyamba n'kudya yekha anthu akuona, kenako n'kukuwa: "Kalongonda wanga sanagwetsepo munthu!" Akatero ankaloza anzake ogulitsa ndi milomo. "Uyo mukagula, musungiretu ya njinga yopitira kuchipatala." Azimayi ena analeka malonda chifukwa cha pakamwa pake.

Udani wathu weniweni unayamba ndi utsi. Tsiku lina anagula mtolo kwa ine, chikuni china chinali chisanaume bwino, ndipo chinafuka. Munthu wanzeru akanabwera kudzasinthitsa. Iye anabwera nacho pamsika, dzuwa lili paliwombo, n'kuchiponya pakati pa anthu.

"Taonani nkhuni za mayi awa! Utsi wake mukuumva? Izi n'zakumanda izi! Amakatola kumanda!"

Nkhuni zanga ndi za bulugama, ndimagula kwa anyamata a njinga amene amazitenga kumene ma esiteti akudula mitengo yawo. Aliyense amadziwa. Koma mawu oti kumanda akangotuluka sabwereranso mkamwa. Kwa nthawi yaitali anthu ankalambalala mulu wanga, ena kulavula kumene podutsa. Ndinalumbira pamaso pake kuti ngakhale kamtengo kotokosera m'mano sadzakapezanso kwa ine. Iye anaseka, nati nkhuni si ine ndinazilenga. Kuyambira pamenepo ankaimitsa yekha anyamata a njinga pamsewu.

Chaka chimene nkhaniyi inachitika, titangokolola, pamsika panayamba kubwera mtsikana wina dzina lake Ireen. Ankachokera ku sukulu ina ya ukachenjede ku Blantyre, ndipo ankayenda ndi bokosi loziziritsa lodzaza timabotolo. Ankagula kalongonda pang'ono kwa wogulitsa aliyense, osadya, n'kuthira m'kabotolo. Anthu anayamba kunong'ona. Tsiku lina anausa pamthunzi wa mulu wanga kudikira minibasi, ndipo ndinamufunsa mosapita m'mbali kuti chakudya cha anthu akupita nacho kuti.

"Tikuyeza, amayi," anatero. "Mu kalongonda muli kanthu kena kotchedwa elodopa. Ndi ka m'gulu la timadzi tomwe timati ma amino asidi. Palibe amene amakathiramo, kamabadwa ndi nyembayo. Kakachuluka ndi kamene kamasanzitsa anthu ndi kuwazunguza mutu. Koma kamasungunuka m'madzi. Mukamataya madzi akuda aja, mumakhala mukutaya ikoko."

"Nanga mumakaona bwanji, poti m'maso sikaoneka?"

Anandifotokozera kuti amaumitsa kalongondayo, kumupera, kusungunula ufawo, kusefa, n'kuthira m'makina. Makinawo amajambula mzere pa kompyuta. Kanthuko kakakhala kambiri mzerewo umakwera ngati phiri, kakakhala kochepa umangotumphuka ngati kachulu. Kalongonda wamuwisi amatulutsa phiri, wophikidwa bwino kachulu. Ankafuna kudziwa kuti anthu akudya chiyani m'misika ya kuno.

Ogulitsa onse anamugulitsa, kupatula mmodzi. Mukumudziwa kale. Ndinali pomwepo pamene Ireen anafika pa beseni la Rosie n'kupereka moni mwaulemu.

"Ukufuna kudya kapena kuika m'botolo?" anafunsa Rosie.

"Kuika m'botolo, amayi. Tikungoyeza."

"Ndiye dzipita. Kalongonda wanga anayezedwa kale ndi mayi anga iwe usanabadwe. Ukayeze wa awo ophika ndi mantha."

Mtsikanayo anathokoza n'kupita. Ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo, ndinatero mumtima.

Mwezi womwewo a Lenard anatumiza uthenga kuti akufuna kumanga chiliza pamanda a mayi awo, ndipo pa tsiku lovundukula chilizacho pakhale chakudya cha anthu onse. Eni ake sakanatha kubwera, abwana anawakaniza tchuthi. Koma ananenetsa kuti kalongonda aphike mkazi wawo, chifukwa malemuwo ankamukonda. Rosie anamva kukoma. Anabwereka dilamu lodula pakati n'kulengeza kuti akuchimuna adzaona chimene anakwatira.

Tsoka silinunkha. Masiku omwewo a za nkhalango anakhwimitsa pamsewu, ndipo anyamata a njinga, ngakhale a nkhuni zovomerezeka, anachita mantha n'kusiya kubwera. Pa Chonde ponse mulu wa nkhuni umene unatsala unali umodzi, wanga. Ndinaupanga dala kuti uoneke bwino, zikuni zikuluzikulu pamwamba, kumbali yoyang'ana mpanda wake. Sindinkafuna zambiri. Akanangobwera n'kunena kuti, "Mayi, tsiku lija ndinalankhula molakwa," ndikanamumangira mtolo ndi manja angawa. Anadutsa m'mawa nkhope ili kumbali. Anadutsanso masana, khosi lili gwa. Kenako ndinamuona akukoka mapesi m'munda, ndi thumba la zitsononkho pamutu.

Moto wa mapesi! Ngakhale mwana amaudziwa. Umalilima ngati uwotcha denga, ukacheuka wasanduka phulusa. Kuwiritsira tiyi ungathe, osati dilamu la kalongonda. Ndinkasuzumira pampata wa mpanda. Rosie ankathamanga uku ndi uku, maso ali psuu ndi utsi, kusonkhezera, kupemerera, dilamu likungofunda osabwadamuka. Mapesi atatha anatsitsa dilamulo. Madzi omaliza amene anataya kuseri kwa khitchini anali akadali akuda, anasiya banga pansi. Iye analiona bangalo. Anaima n'kuliyang'ana kwa kanthawi, kenako analikwirira ndi phazi, nathira mchere m'dilamu.

M'mawa mwake tonse tinapita kwawo kwa a Lenard, tsidya lina la msewu. Kunali anthu ambiri, mapemphero, nyimbo, nsalu yoyera kuichotsa pachiliza. Nthawi ya chakudya Rosie anatapa sipuni yake imodzi ija n'kudya anthu akuona. Ine ndinamwa thobwa basi, ndipo amene anali pafupi nane ndinawatsina kuti asiye. Ena anamva, ena anati ndi nsanje. A Winston, amalume awo a Lenard, munthu wamkulu wolemekezeka mumpingo, anabwereza mbale kangapo n'kumayamikira kuti mkamwana ngati uyu kulibe.

Dzuwa litapendeka zinayamba. Mayi wina anathamangira kuseri kwa nthochi, wina anamutsatira, kenako bambo wina anagwada pakati pa bwalo atagwira chifuwa, akuti mtima ukuthamanga. A Winston anavula jekete n'kuyamba kupereka moni kwa mlongo wawo malemuyo, akuti wakhala pachiliza ndipo akufunsa chifukwa chake simenti yachepa. Anthu anabalalika. Odwalawo anawakweza pa lole kupita nawo kuchipatala ku Mulanje Mission. Mwamwayi palibe anafa, onse anatuluka patapita masiku ochepa. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo anafika tsiku lomwelo, natapa kalongonda wotsala m'dilamu n'kutumiza kwa Ireen.

Apa m'pamene pakamwa pa Rosie panamutembenukira. Kwa zaka zonsezi anakhala akuuza anthu kuti kalongonda wake sagwetsa munthu, ndipo anthu anakhulupirira. Ndiye ngati si kalongonda, chagwetsa anthu n'chiyani? Anayankha ndi Jessica, mlongo wawo wa a Lenard, amene sankamukondanso mlamu wakeyo.

"Ili ndi tsempho," anatero Jessica pamjigo, ndowa zili pamzere. "Wathira mchere ndani? Si yemweyo? Achimwene atha zaka zitatu ali ku Joni. Ndiye thupi lake latentha ndi ndani?"

Kwathu kuno ambiri amakhulupirirabe kuti mkazi amene wagona ndi mwamuna wina akathira mchere m'chakudya, odyawo amadwala. Mkazi wotero amayenera kupatsa wina kuti athire, kapena kuika mcherewo pambali. Nkhaniyo inali mkamwamkamwa dzuwa lisanalowe. Ena ankatchula wogulitsa nyama, ena kondakitala wa minibasi. Ine ndinkangoseka. Khomo la Rosie ndimaliona tsiku lililonse, ndipo palibe mwamuna analowapo, ngakhale wofunsa njira. Ndani angalimbe mtima? Koma palibe anandifunsa, ndipo ine sindine loya wake.

A Lenard atamva anakwera basi osadikira chilolezo cha abwana. Anafika ataonda, maso olowa. Ankhoswe anagwirizana zokumana m'mawa wa Loweruka pabwalo la Rosie, pansi pa mtengo wa mango. Kuchimuna nkhoswe anali a Winston omwe aja, atachira koma akuyendabe mwamanyazi. Kuchikazi anali a Bryson, mchimwene wake wa Rosie, munthu wanzeru amene anadziwa kuti nkhani ngati iyi pakamwa pokha singathe. Iwowa ndi amene anakapempha Ireen kuti abwere. Nkhani ya banja imakambidwa ndi ochepa, koma tsiku limenelo mudzi wonse unali ndi chifukwa chodutsira pamenepo. Ine sindinasowe kudutsa, ndinangokhala pa chikuni changa m'mphepete mwa mpanda.

Jessica analankhula zake, osasiya kalikonse. Rosie anakhala pamphasa miyendo atatambasula, akuyang'ana mtengo. Kenako a Bryson anapempha Ireen kuti anene chimene anapeza.

"Ndilankhule za nyemba zokha, akuluakulu, za banja sindingazidziwe," anatero mtsikanayo. "Kalongonda wa m'dilamu uja tinamuyeza, n'kubwerezanso kuti tisalakwitse. Kanthu kosanzitsa kaja kanalimo kambiri, kuposa kalongonda wina aliyense amene tinagula m'misika chaka chino. Sanafike pa wamuwisi, koma sanali patali kwenikweni. Munthu aliyense wodya mbale yodzaza akanadwala, kaya mchere anathira ndi ndani, kaya mukanakhala mopanda mchere. Moto unachepa, kapena madzi sanasinthidwe mokwanira. Zimachitika, makamaka pophika wambiri nthawi imodzi."

A Bryson anaomba m'manja kamodzi. "Mwamva, a Winston? Mwamva, a Jessica? Mlongo wanga mwamutukwana popanda chifukwa. Ndi nyemba izi, si chigololo!"

A Winston anagwedeza mutu, nati iwo sakufuna zambiri, ngati zili choncho nkhani yatha. Ndinayang'ana a Lenard. Munthu uja anapumira m'mwamba ngati watula katundu, mpaka anamwetulira. Anasendera pafupi ndi mkazi wake.

"Mayi, basi zatha. Ingonenani kuti nkhuni zinakucheperani, tipepese kwa amalume, anthu azipita."

Chimene chinatsala chinali mawu awiri kapena atatu, banja n'kupulumuka, nyumba n'kufoleredwa. Rosie anachotsa maso pamtengo n'kuyang'ana Ireen kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Kalongonda wanga anapsa."

"Alongo!" anatero a Bryson.

"Ndati anapsa. Kamtsikana aka kanaphikapo kalongonda? Kandionetse zipsera m'manja. Makina akewo anadyapo kalongonda?"

"Sindinaphikepo wambiri choncho, amayi," anayankha Ireen modekha. "N'chifukwa chake sindikukunyozani. Ndangonena zomwe zinali m'dilamu."

Jessica sanachedwe. "Eyaa! Mwamva nokha! Akuti anapsa. Ndiye ngati anapsa, alamu, tiuzeni chomwe chinagwetsa amalume!"

Apa ine magazi anandiwira. Musaganize kuti ndinamumvera chisoni, ayi. Ndinkafuna mudzi wonse umve kuti katswiri uja, wonyoza anzake uja, anaphika zosapsa ngati mwana wa masanje. Ndinaimirira pa chikuni changa.

"Pepani akuluakulu, ndalowerera. Mayi awa anaphikira mapesi ndi zitsononkho, ine ndikuona ndi maso angawa. Nkhuni zinali apa, anakana kudzagula chifukwa cha mtima wawo. Madzi omaliza anali akuda. Pitani kuseri kwa khitchini mukafukule ndi phazi, banga lake likadalipo!"

A Bryson anadzuka kuti akaonedi. A Lenard anandiyang'ana ngati ndawapatsa madzi akumwa. Koma Rosie anadzambatuka pamphasa, chitenje chikumasuka.

"Khalani pansi, achimwene! Iwe wa nkhuni zakumanda, iwe, ndi amene ungandiphunzitse kuphika? Bodza! Mayi anga sanabereke mwana wophika kalongonda wosapsa!"

"Rosie," anatero a Lenard. Aka kanali koyamba kuwamva akumutchula dzina pagulu. "Ukumva chimene ukunena? Ukakana izi, chotsala ndi chimene akunena Jessica. Ukufuna anthu achoke pano ndi chimenecho?"

"Achoke ndi chomwe akufuna."

"Ndikufunsa ine, mwamuna wako. Unandilakwira?"

Rosie anatsegula pakamwa. Anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana anthu amene anadzaza kumpanda, ambiri mwa iwo makasitomala ake, kenako anayang'ana ine. Ndikhulupirira kuti ndikanakhala kuti sindinalankhule, mwina akanagonja. Koma kuvomera tsopano kunali kuvomera kuti ine ndanena zoona.

"Ndanena kuti anapsa," anatero.

A Lenard anaimirira. Atalankhula, sanakweze mawu.

"Amalume, zimene wanena mtsikanayu ndazimva ndipo ndazikhulupirira. Mkazi wanga sanachite chigololo, ndikudziwa. Koma wasankha kuti azitchedwa wachigololo ine ndili pompano, kusiyana n'kunena kuti moto unachepa. Ine ndagona m'galaja zaka zitatu chifukwa cha nyumba iyo. Ndaona kuti pakhomo pano mphika uli pamwamba, ine ndili pansi."

Analowa m'nyumba yakale ija n'kutuluka ndi chikwama chomwe anabwera nacho, chisanamasulidwe n'komwe. Kuno mwamuna ndi mkamwini, banja likatha amanyamula zake n'kusiya malo kwa eni ake. Zitseko zatsopano sanazikhudze. A Bryson anawatsatira mpaka kumsewu akuchonderera, koma anabwerako okha, ndipo sanalowenso pabwalo la mlongo wawo tsiku limenelo. Ireen anatseka chikwama chake n'kutsanzika mwakachetechete. Rosie anatenga tsache n'kuyamba kusesa pamene panakhala anthu.

Ndinkaganiza kuti pamsika sadzaonekanso. Ndinamuyeza molakwa. Patangopita milungu iwiri anafika ndi beseni lake pamutu, n'kulikhazika pamalo ake akale. Anavundukula, anadya sipuni yoyamba. Kenako anatulutsa kambale ka mchere n'kukaika pambali pa beseni.

"Mulibe mchere umu," anatero mokweza. "Aliyense azithira yekha."

Msika wonse unamva tanthauzo lake. Mkazi amaika mchere pambali akakhala kuti akudziwa kuti thupi lake si labwino. Azimayi anagwira pakamwa. Jessica atamva anavina, akuti mwaona, wavomera yekha. Ndi kambale kamodzi kokhako Rosie anauza Chonde yonse kuti chimene chinagwetsa anthu ndi mchere, osati kuphika kwake. Anasenza dzina la uhule, limene silinali lake, kuti dzina la mphika lisadetsedwe. Ndipo anthu, poti ndi anthu, anayambanso kugula. Ankati vuto linali mayiyo, kalongonda alibe mlandu. Amathira okha mchere, amadya, amanyambita zala, akachoka amamunena.

Kumpingo anamuchotsa pa gulu lophika pa misonkhano. Pamjigo akafika, nkhani imaduka. A Lenard anabwerera ku Joni, ndipo tinamva kuti anakwatira mayi wina wa ku Thyolo, akumanga kumeneko. Nyumba ya njerwa ija ikadali pamawindo pomwe inalekera. Mkati mwamera udzu, ndipo mbuzi yanga imakonda kugona m'chipinda chimene chinayenera kukhala chawo. Masiku ano sandiuzanso kuti ndiichotse.

Chinthu chimodzi chokha chinasintha. M'mawa wina, anyamata a njinga atayambiranso kale kubwera, ndinamupeza ataima pa mulu wanga. Sanapereke moni. Analoza ndi chala zikuni zikuluzikulu zouma bwino, zambiri kuposa zimene ankagula kale, n'kuika ndalama pachitsa. Ndinakumbukira lumbiro langa. Ndinakumbukiranso nkhope ya a Winston akupereka moni kwa wakufa, ndipo ndinamanga mtolo. Kuyambira pamenepo amabwera sabata iliyonse. Utsi kwake umayamba lero, umadutsa mawa, nthawi zina mpaka mkuja. Madzi amene amataya kuseri kwa khitchini amakhala oyera ngati a pamjigo, koma amawatayabe n'kuthira ena.

Chaka chotsatira Ireen anabweranso ndi timabotolo take. Ulendo uno anachenjera, anatuma mayi wina kukamugulira pa beseni la Rosie. Atabwera kudzapereka zotsatira kwa ogulitsa, anaima pa mulu wanga n'kundiuza kuti mwa onse amene anayeza, kachulu kakang'ono kwambiri kanali ka Rosie, kosaoneka n'komwe. Anandifunsa ngati ndingakamuuze. Ndinakana. Akamuuze yekha ngati akufuna kutukwanidwa.

Anthu ena amati ndi mayi wolimba mtima. Ine ndimati ndi chitsiru, ndipo ndimakwiya ndikamuona, chifukwa amuna ngati a Lenard sapezeka pamsewu. Ena a ife tinaika amuna athu m'manda tikuwafunabe, iye anataya wake ali moyo chifukwa cha nyemba.

Dzulo anabweranso. Tsitsi layamba imvi, msana wayamba kupindika. Analoza zikuni zake monga mwa masiku onse, ndipo mtolo unakula mpaka ndinachita kumuthandiza kusenza. Pomutwika, nkhope zathu zinayandikana, ndipo lilime linandiyabwa.

"Nkhuni zonsezi, mayi? Kalongonda wa masiku ano akuvuta kupsa eti?"

Za chiliza sindinatchule, ndipo papita zaka. Anakhazika bwino mtolo pankhata, maso ali kutsogolo.

"Anapsa," anatero.

Anatembenuka pang'onopang'ono chifukwa cha kulemera kwa mtolo, nadutsa pafupi ndi nyumba yopanda denga ija osaiyang'ana, kupita kukasonkha moto.